A Werner Heisenberg, Munthu Amene Anapeza Amapasa M'kati mwa Atomu

Pa 15 Meyi 2018 boma la Zambia linasaina pangano ndi kampani ya boma la Russia yochedwa Rosatom kuti kuno ku Chongwe kumangidwe malo ofufuzira sayansi ya nyukiliya, pa mtunda wa makilomita 19 kucokera mu Lusaka. Anakamba kuti padzakhala ng'anjo yaing'ono ya nyukiliya, malo opangira mankhwala opimira ndi kuciza khansa, ndiponso nyumba yowalitsira zakudya kuti zisamaonongeke msanga. Nkhaniyo inatigawa. Ena anaonamo nchito za ana ao, ena anaonamo poizoni m'zitsime ndi mu mtsinje wa Chongwe. Pofika mu 2020 kunamveka kuti nchito yaima cifukwa ca kusowa kwa ndalama. Koma liwu lija lakuti nyukiliya linatsala m'kamwa mwathu, ndipo ambiri a ife timalichula osadziwa cimene likutanthauza.

Liwuli likamba za phata la atomu. Lero tikupatsani mbiri ya mmodzi mwa anthu oyamba kulongosola zimene zili m'phatamo, a Werner Heisenberg a ku Germany. Anali munthu wa nzeru zoopsa, koma moyo wao uli ndi poyera ndi pakuda, ndipo ife sitibisa mbali iliyonse.

Anabadwa pa 5 Disembala 1901 mu mzinda wa Würzburg. Atate ao, a August Heisenberg, anali mphunzitsi wa Cigiriki, ndipo mu 1910 anakwezedwa kukhala pulofesa pa yunivesiti ya Munich, banja lonse n'kusamukira kumeneko. Agogo ao obala amai, a Nikolaus Wecklein, anali mkulu wa sukulu yochuka ya Maximilians-Gymnasium, kumene mnyamata Werner ndi mkulu wake Erwin anaphunzira. Agogowa muwasunge m'mutu, pakuti tidzakumana naonso. Linali banja la mpingo wa Lutheran, la mabuku ndi nyimbo, ndipo Werner anayamba kuliza piyano ali mwana osaisiya mpaka ukalamba.

Alimi anzathu angakondwe kumva kuti munthuyu nchito ya kumunda anailawa. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inabweretsa njala mu Germany, amuna ali kunkhondo, minda ilibe olima. Mu 1918 ana a sukulu anatumizidwa ku mafamu, ndipo Werner, wa zaka 16, anakagwira nchito pa famu ina pafupi ndi Miesbach, kumweta udzu wa ziweto ndi kuceka nkhuni kuyambira m'mawa mpaka madzulo, cakudya cili cocepa.

Mu 1920 analowa yunivesiti ya Munich pansi pa a Arnold Sommerfeld. Pa mayeso omaliza a digiri ya udokotala mu 1923 anatsala pang'ono kulephera, cifukwa pulofesa wina, a Wilhelm Wien, anawafunsa za zida zopimira ndi mmene batire imagwirira nchito, iwo n'kusowa poyankha. Anapita ndi magiredi apansi. Makolo amene mumataya mtima ndi lipoti limodzi la mwana, imvani zotsatira. Mu Juni 1925, atadwala cimfine ca mungu wa maluwa, anathawira pa cisumbu ca Helgoland, ndipo kumeneko, ali ndi zaka 23, anapeza masamu atsopano olongosola kayendedwe ka tinthu ta m'kati mwa atomu. Pamodzi ndi a Max Born ndi a Pascual Jordan anawakonza kukhala sayansi yochedwa quantum mechanics, imene mafoni ndi makompyuta athu akhazikikapo. Mu 1927 anaonetsa kuti n'kosatheka kudziwa ndendende pa nthawi imodzi pamene kanthu kotere kali ndi liwiro limene kakuyenda nalo. Caka comweco anakhala pulofesa ku Leipzig ali ndi zaka 25, ndipo mphotho ya Nobel ya 1932 inapita kwa iwo. Zimenezi mabuku ambiri amazikamba, conco ife tidutsapo. Tifuna tikhale pansi pa nchito yao ya 1932, imene ocepa amaichula.

Tengani kacidutswa ka citsulo ca khasu, mukadule pakati, mudulenso, mupitirize conco. Pothera pake mudzafika pa kanthu kamene mukakaphwanya sikakhalanso citsulo. Kameneko ndiye atomu. Pakati pake pali phata, ndipo kunja kuli tinthu topepuka tochedwa maelekitironi. Atomu itakula kufika pa munda wa hekitala imodzi, phata lingakhale ngati kanjere ka mapira pakati pa mundawo, komabe pafupi-fupi kulemera konse kwa atomu kuli m'kanjereko.

Caka ca 1932 cisanafike, asayansi anali kudziwa tinthu tiwiri cabe tomangira atomu: pulotoni, yokhala ndi magetsi a pulasi monga mutu umodzi wa batire, ndi elekitironi ya magetsi a mainasi. Conco anaganiza kuti phata linamangidwa ndi tiwiri timeneti. Koma masamu anali kukana. Cimene cinawasowetsa tulo ndi naitulojeni, yemweyu amene timagula m'thumba la urea. Mwa kuganiza kwakale, phata lake linayenera kukhala ndi mapulotoni 14 ndi maelekitironi 7, pamodzi 21, nambala yotsala kamodzi mukaigawa pawiri. Koma akalipima, phatalo linali kucita monga la nambala yogawika bwino pawiri.

Mu Febuluwale 1932, ku Cambridge, a James Chadwick anapeza kanthu kacitatu, kolemera ngati pulotoni koma kopanda magetsi alionse. Anakapatsa dzina lakuti nyutuloni. A Dmitri Ivanenko a ku Russia ndi a Heisenberg, aliyense payekha, anaona msanga kuti phata ndi mapulotoni ndi manyutuloni. Naitulojeni ali ndi 7 ndi 7, pamodzi 14, ndipo mlandu uja unathera pomwepo. Mu Juni caka comweco a Heisenberg anatumiza ku magazini ya asayansi coyamba ca zolemba zao zitatu za kamangidwe ka phata.

M'zolembazo anacita cinthu cacilendo. Anayang'ana sikelo. Pulotoni itakhala thumba la cimanga la makilogalamu 50, nyutuloni ingakhale thumba lomwelo kuonjezapo magalamu pafupi-fupi 70, cimanga ca m'dzanja limodzi. Kalaliki wa pa depoti sangasiyanitse matumba awiri otere. Tsono a Heisenberg analemba tinthu tiwirito ngati kanthu kamodzi kokhala ndi nkhope ziwiri, monga ndalama ya citsulo imene ili imodzi ngakhale mbali zake n'zosiyana. Mukaitembenuza uku ndi pulotoni, mukaitembenuza uko ndi nyutuloni. Masiku ano kanthu kamodziko amakachula kuti nucleon. Anaganizanso kuti cimene cimamanga phata ndi kusinthana: pulotoni ndi nyutuloni zoyandikana zimapatsirana magetsi aja, iyi n'kukhala iyo, iyo n'kukhala iyi.

Cilungamo cifuna tinene kuti kwa iwo iyi inali njira ya kalembedwe cabe, yopeputsira masamu. Amene anaisandutsa lamulo ndi ena. Mapulotoni onse ali ndi magetsi a pulasi, ndipo a pulasi okha-okha amakankhana. Kuti phata lisamwazikane, payenera kukhala mphamvu ina yoposa ya magetsi, imene tiichule kuti mphamvu yaikulu. Mu 1936, ku Washington, a Merle Tuve ndi anzao anaombanitsa mapulotoni, ndipo poŵerengera kunapezeka kuti mukacotsako kukankhana kwa magetsi, mphamvu yaikulu pakati pa mapulotoni awiri ifanana ndi ya pakati pa pulotoni ndi nyutuloni. Ganizani agogo osaona amene ali ndi adzukulu amapasa, wina wovala cisote, wina wosavala. Agogo akawafungatira sadziwa kuti wacisote ndani, onse amawagwira cimodzi-modzi. Mphamvu yaikulu ndiye agogo amenewo. Mphamvu ya magetsi ndiyo imaona cisote.

Mu 1937 a Eugene Wigner, obadwira ku Hungary, anapatsa ganizoli dzina lakuti isotopic spin, limene pambuyo pake linafupikitsidwa kukhala isospin. Dzinalo lisakusokonezeni. M'Cingerezi limamveka ngati pali cinthu cozungulira, koma palibe cimene cizungulira. Anangobwereka masamu a nkhani ina. Isospin ndi nambala ya banja. Banja la awiri, monga pulotoni ndi nyutuloni, nambala yake ndi theka. Banja la atatu ndi 1, banja la anai ndi 1 ndi theka, ndipo kanthu kopanda m'bale ndi 0.

Lamulo lake ndi ili: pamene mphamvu yaikulu ikugwira nchito, kaya tinthu tiwiri taombana kapena kamodzi kasweka n'kubala tina, isospin imene inalowa iyenera kutuluka yosasintha. Zili ngati buku la msungicuma wa kopaletivu, zolowa ndi zotuluka ziyenera kugwirizana. Cifukwa cake cinapezeka kale mu 1918 ndi katswiri wa masamu wa ku Göttingen, mai Emmy Noether. Iwo anaonetsa kuti paliponse pamene cilengedwe sicisamala ngati cinthu mwacitembenuza motere kapena motere, pamakhala nambala ina imene siitayika. Popeza mphamvu yaikulu sisamala kuti ndalama ija yagona mbali iti, isospin imasungika.

Kodi zimenezi si nthano za pa bolodi cabe? Iyai, zinayesedwa. Mu 1935 a Hideki Yukawa a ku Japan ananeneratu kuti pali kanthu kena kamene mapulotoni ndi manyutuloni amaponyerana, kamene lero kachedwa pion. Mu 1938 a Nicholas Kemmer, potsatira lamulo la banja, anati ngati kalipo ka pulasi ndi ka mainasi, payenera kukhalanso kacitatu kopanda magetsi. Tiwiri toyamba tinaoneka kuyambira mu 1947 pa nchito ya gulu la a Cecil Powell ku Bristol, ndipo kacitatu kanapezeka mu 1950 ku Berkeley, patapita zaka 12 dzina lake litalembedwa kale m'kaundula. Mu 1952 a Enrico Fermi ku Chicago anaombera ma pion pa mapulotoni, napeza kuti a pulasi amagunda pafupi-fupi katatu kuposa a mainasi. A Keith Brueckner anaonetsa kuti 3 kwa 1 ameneyo ndiye amene masamu a isospin amapereka ngati pakugundanapo pabadwa kanthu ka banja la anai. Kanthuko tsopano kachedwa Delta, ndipo abale onse anai anapezeka.

Citsanzo cimene ife timakonda ndi ca cinthu cimene cimakana kucitika. Pali phata la haidulojeni wolemera, la pulotoni imodzi ndi nyutuloni imodzi, ndipo isospin yake ndi 0. Awiri otere akaombana mwamphamvu, munthu angayembekeze kuti nthawi zina patuluke phata la hiliyamu ndi pion yopanda magetsi. Mphamvu ikwanira, magetsi agwirizana. Koma hiliyamu ndi 0, pion ndi 1, ndipo 0 ndi 0 sangabale 1. Zili monga ukwati umene ng'ombe zilipo, ankhoswe alipo, nsima yaphikidwa, koma akulu akana cifukwa awiriwo ndi a mfunda umodzi. Asayansi anaufuna ukwati umenewu kwa zaka makumi, ndipo unaoneka mu 2003 pa yunivesiti ya Indiana ku America, kamodzi-kamodzi kwambiri.

Kamodzi-kamodzi kameneko katiphunzitsa kuti lamuloli si la mphamvu zonse. Mphamvu ya magetsi imaliswa, pakuti imaona cisote. Pion yopanda magetsi imasweka n'kusanduka kuwala, nambala yake ya banja n'kuzimirira. Palinso mphamvu yacitatu, yofooka, imene imaliswa koposa. Asayansi amadziwa mphamvu imene yagwira nchito poona liwiro la kusweka. Delta, yoswedwa ndi mphamvu yaikulu, moyo wake ndi wa sekondi imodzi yogawidwa ndi nambala ya 1 wotsatidwa ndi maziro 23, kapena kucepera apo. Nyutuloni ikatuluka m'phata n'kukhala yokha imadikira mphamvu yofooka, ndipo imakhala mphindi pafupi-fupi 15, nthawi yophika nsima, isanasanduke pulotoni n'kutaya elekitironi ndi kanthu kena kopepuka zedi.

Magalamu 70 aja si acabe. Nyutuloni imatha kusanduka pulotoni cifukwa ndiyo yolemerako. Zikanakhala kuti pulotoni ndiyo yolemera ndi muyeso womwewo, ndiyo ikanasweka, haidulojeni sakanakhalitsa, ndipo popanda haidulojeni kulibe madzi, kulibe mvula, kulibe cimanga. Kusanduka komweku ndiko kumagwira nchito m'citsulo cochedwa cobalt-60: nyutuloni imodzi ikasanduka pulotoni, phata limatulutsa ceza camphamvu cimene cimaocha zotupa za khansa ndi kupha tizilombo ta m'zakudya. Mphamvu yake imatsika ndi theka pa zaka zisanu ndi miyezi itatu iliyonse. Cipatala ca khansa ca mu Lusaka citatsegulidwa mwalamulo mu 2007, cimodzi mwa zida zake cinali ca cobalt-60.

Tibwerere kwa munthu wathu. Patangopita miyezi isanu ndi iwiri iwo atalemba kuti ziwiri zooneka zosiyana ndi cinthu cimodzi, mu Januwale 1933 Adolf Hitler anatenga boma n'kuyamba kusankha anthu monga osankha nyemba. Mu Epulo lamulo linacotsa Ayuda pa nchito za boma. A Max Born, mphunzitsi wao, anacoka ku Göttingen. Mai Noether anacotsedwa nchito, napita ku America kumene anamwalira mu 1935. A Felix Bloch, wophunzira wao woyamba wa udokotala ku Leipzig, anacokanso. A Heisenberg anakafunsa nzeru kwa mkulu wa asayansi a Germany, a Max Planck, amene anawalangiza kukhala kuti asunge ana a sukulu mpaka cimphepo cipite. Anakhala. Cipani ca Nazi sanalowemo, koma lumbiro la kukhulupirika kwa Hitler limene anchito a boma onse analamulidwa, analumbira.

Kukhalako sikunawateteze. Anapitiriza kuphunzitsa sayansi ya a Albert Einstein, amene anali Myuda, ndipo mu Julayi 1937 nyuzipepala ya gulu loopsa la SS inawanyoza kuti ndi Myuda mumtima ngakhale si Myuda pa magazi. Masiku amenewo mau otere anali kutengera munthu kundende. Apa ndi pamene agogo aja a Wecklein abwereranso: anali odziwana ndi atate a Heinrich Himmler, mkulu wa SS, pakuti onse anali aphunzitsi ku Munich. Amai a Heisenberg anapita kukaonana ndi amai a Himmler, mai kwa mai mnzake. Kunatsatira kufufuza kwa caka cathunthu ndi mafunso ku likulu la SS mu Berlin, ndipo mu Julayi 1938 Himmler analemba kalata yowamasula, powacenjeza kuti aziphunzitsa sayansiyo koma asamatamande eni ake. Mpando wa a Sommerfeld ku Munich umene anali kuyembekeza unapatsidwa wina. Ife tiona kuti cimene cinawapulumutsa si mphotho ya Nobel, koma kudziwana, cinthu cimene Ayuda mamiliyoni analibe.

Pakati pa mabvutowo anakwatira. Anakumana ndi a Elisabeth Schumacher pa madzulo a nyimbo mu Januwale 1937, namanga ukwati mu Epulo, ndipo mu Januwale 1938 kunabadwa amapasa, mwamuna ndi mkazi. Onse ana anakwana asanu ndi awiri. Mlamu wao, a E. F. Schumacher, anasankha njira ina: anacoka mu Germany nkhondo isanayambe cifukwa cokana ulamuliro wa Nazi, nagwira nchito ya pa famu ku England m'nthawi ya nkhondo. Ndi omwewa amene analemba buku la Small Is Beautiful mu 1973, ndipo anakhalapo mlangizi wa boma la Zambia pa za citukuko. Conco njira yotulukira inalipo, m'banja momwemo.

Mu Disembala 1938 a Otto Hahn ndi a Fritz Strassmann ku Berlin anapeza kuti nyutuloni ikalowa m'phata la yureniyamu imaling'amba pakati, ndipo mai Lise Meitner, amene anali atathawa kale, ndi a Otto Frisch analongosola mphamvu yaikulu yotulukamo. Aliyense wodziwa anaona bomba. M'cilimwe ca 1939 a Heisenberg anaceza ku America, kumene a Fermi ndi ena anawacondelera kuti asabwerere. Anabwerera. Nkhondo itayamba mu Seputembala, asilikali anawaitana m'gulu lofufuza za yureniyamu, ndipo mu Disembala anapereka lipoti loonetsa kuti ng'anjo ndi yotheka, ndi kuti yureniyamu yoyengedwa bwino ingakhale cophulika coposa zonse.

Pano nkhani ifika pafupi ndi kwathu. Yureniyamu yabwino koposa ya nthawi imeneyo inali kukumbidwa ku Shinkolobwe, pafupi ndi Likasi mu Katanga, kutsidya kwa malire athu a ku Copperbelt, mu mgodi wa kampani ya Union Minière. Germany italanda Belgium mu 1940 inapeza ku Olen matani oposa 1,000 a yureniyamu wocokera ku Congo. Caka comweco mkulu wa kampaniyo, a Edgar Sengier, anatumiza matani ena pafupi-fupi 1,200 ku New York, ndipo mbali yaikulu ya yureniyamu ya mabomba oyamba a America inacokera mu mgodi womwewo. Mbali zonse ziwiri zinadalira mwala wokumbidwa ndi manja a anthu akuda, opanda cowateteza ku ceza cake, ndipo maina ao sali pa mphotho iliyonse.

Mu Seputembala 1941 a Heisenberg anapita ku Copenhagen, mzinda umene unali m'manja mwa asilikali a Germany, kukaonana ndi a Niels Bohr, amene anali ngati atate ao pa sayansi. Anasiyana ubwenzi utasweka. Nkhondo itatha, a Heisenberg anali kulongosola kuti anapita kukafunsa ngati asayansi a mbali zonse angapewe kupanga bomba. Koma makalata amene a Bohr analemba osawatumiza, amene banja lao linatulutsa mu 2002, aonetsa kuti iwo anamva munthu wotsimikiza kuti Germany ipambana nkhondo, ndiponso amene akutsogolera nchito ya zida za atomu.

Mu Juni 1942 anauza nduna ya zida, Albert Speer, kuti bomba silingapangidwe msanga, ndipo boma linaika ndalama zake zazikulu kwina. Ena amati anacedwetsa dala. Ena amati anaona kuti nchitoyo inali yoposa mphamvu za dziko lili pankhondo, ndiponso kuti masamu ao a kukula kwa bomba sanali olondola. Ife tiona kuti awiri otsirizawa ali ndi umboni wolemera. Pa 2 Disembala caka comweco ng'anjo ya a Fermi inayaka ku Chicago, pamene ya a Heisenberg sinayakepo mpaka nkhondo kutha.

Pali zina zimene sitingazilumphe. Mu Disembala 1943 anakakamba nkhani ku Kraków monga mlendo wa Hans Frank, bwanamkubwa wa Poland wolandidwa, amene anaphunzira pa sukulu ija ya agogo ao, ndipo anapacikidwa ku Nuremberg mu 1946 cifukwa ca kupha anthu. Kuciyambi kwa 1943 anapemphedwa kuthandiza makolo a mnzao a Samuel Goudsmit, Ayuda a ku Netherlands. Kalata anailemba, koma panali patapita masiku ocepa makolowo ataphedwa ku Auschwitz. Sitinena kuti anali wakupha. Tinena kuti munthu amene anakhalira kusunga ana a sukulu anapezeka akudya pa gome la anthu amene sanayenere kudya nao, ndipo dzina lake lochuka linakongoletsa boma loipa.

Mabomba atacuruka mu Berlin, gulu lao linasamukira kum'mwera. Ng'anjo yotsiriza anaimanga ku Haigerloch, m'phanga losungiramo mowa pansi pa thanthwe limene pamwamba pake pali chalichi: tizidutswa 664 ta yureniyamu tolendewera pa mawaya m'madzi olemera ocokera ku Norway. Sinakwanire kuyaka. Mu Epulo 1945 anakwera njinga masiku atatu kupita kwa banja lao ku Urfeld, ndipo kumeneko asilikali a America anawagwira pa 3 Meyi. Wasayansi wamkulu wa gulu lowasaka anali a Goudsmit omwe aja.

Asayansi khumi a Germany anatsekeredwa m'nyumba yochedwa Farm Hall pafupi ndi Cambridge kuyambira Julayi 1945 mpaka Januwale 1946, m'zipupa mutabisidwa zida zomvetsera. Zimene anakamba zinatulutsidwa poyera mu 1992. Pa 6 Ogasiti, atamva za Hiroshima, a Heisenberg poyamba anakana kukhulupirira kuti ndi bomba la atomu. Patapita sabata imodzi anaimirira pamaso pa anzao n'kulongosola bwino mmene linapangidwira. Nzeru zinalipo, kuwerengera kumeneko n'kumene anali asanakucite mosamala pa zaka zonse za nkhondo. M'nyumba momwemo ndi mmene munayambira kakambidwe kakuti asayansi a Germany sanafune kupanga bomba, kamene ena a iwo eni, monga a Max von Laue, sanakavomereze.

Atamasulidwa anamanganso sayansi ya dziko lao, coyamba ku Göttingen, ndipo kuyambira 1958 ku Munich, monga mkulu wa Max Planck Institute ya fizikisi. Mu 1953 anasainira West Germany pangano lokhazikitsa CERN ku Geneva, ndipo caka comweco anakhala mtsogoleri wa bungwe la Alexander von Humboldt, lothandiza ophunzira a maiko ena kukafufuza ku Germany, udindo umene anausunga mpaka 1975. Mu Epulo 1957, boma la a Konrad Adenauer litafuna zida za atomu, anali mmodzi mwa asayansi 18 amene anasaina cikalata ca ku Göttingen cokana kutengako mbali pa kupanga zidazo. Pamenepo anakamba poyera cimene sanakambe poyera m'nthawi ya Hitler, ngakhale tiyenera kuvomereza kuti mu 1957 kukana sikunali kuphetsa munthu.

Ganizo lao la 1932 linakula kuwapitirira. Mu 1954 a Chen Ning Yang ndi a Robert Mills anamanga pa isospin masamu amene pambuyo pake anakhala msana wa sayansi yonse ya tinthu timeneti. Mu 1964 a Murray Gell-Mann ndi a George Zweig anati pulotoni ndi nyutuloni zili ndi tinthu tina titatu m'kati, tochedwa quark, ta mitundu iwiri, up ndi down. Pulotoni ili ndi up ziwiri ndi down imodzi, nyutuloni up imodzi ndi down ziwiri. Amapasa eni-eni ndi amenewa: mphamvu yaikulu imawagwira cimodzi-modzi, ndipo down ndiyo yolemerako pang'ono, ndiye gwero la cimanga ca m'dzanja cija. A Heisenberg ganizo la quark sanalikonde. Anali kukhulupirira kuti pansi pa zonse pali malamulo a kufanana, osati tinthu tocepa-cepabe, ndipo zaka zao zotsiriza anazithera pa masamu amodzi olongosola zonse, amene anawalengeza mu 1958. Mnzao wakale a Wolfgang Pauli anayamba nao nchitoyo koma anaitaya poyera, ndipo asayansi ambiri sanaitsatire.

Anadwala khansa ya impso namwalira kunyumba kwao ku Munich pa 1 Febuluwale 1976, ali ndi zaka 74. Madzulo a tsiku lotsatira anzao a pa nchito anayenda pansi kucokera ku ofesi mpaka kunyumbako, nayatsa makandulo pakhomo. Anaikidwa m'manda a Waldfriedhof mu mzinda womwewo.